Ba Yotam ndi Ng'ombe za mu Kompyuta

Sindinamvetsepo chifukwa chimene Ba Yotam ankasankhira hadi disiki, chosungira zinthu mu kompyuta, ngati munthu wogula ng'ombe yolima. Ku mishoni anatiphunzitsa kusatamanda munthu mopitirira, choncho ndingonena zimene ndinaona.

M'zaka zomalizira za m'ma 1990, makompyuta ku Chongwe anali ochepa, ndipo Ba Yotam ndiwo ankawakonza. Akafika sankayamba ndi kumasula. Ankagunditsa khutu pa bokosi, n'kutseka maso.

"Iyi yakalamba," ankatero. "Imvani mwamene ipumila."

Ba Eugene, otsogolera kwaya yathu, anali atataipa nyimbo zonse za kwayayo mu kompyuta imene wansembe wina anawasiyira. Mapepala ake chiswe chinali chitadya kale. Disiki inadzaza, n'kuyamba kulira kuti kwe-kwe-kwe. Ikanafa, nyimbo zikanapita nayo.

Tinapita atatu ku Lusaka kukagula disiki ina: Ba Yotam, Ba Eugene ndi ine. Wa m'sitolo anatulutsa yaikulu kuposa zonse.

"Iyi, bosi, magigabaiti ambili. Simuzaizaza mpaka kufa."

"Iyikeni pa malaiti niimvele," anatero Ba Yotam.

"Sitimachita zimenezo kuno."

"Ukulu ni ukulu, mwana wanga, manje imadonsa pulawo? Ng'ombe yonenepa nayo imagona pakati pa munda."

Tinatuluka. Sitolo ina anatithamangitsa. Ina, mayi wogulitsa anaseka mpaka misozi, koma anawalumikizira zitatu ku magetsi. Ba Yotam anamvetsera iliyonse, nasankha yapakati, yaikulu ndithu koma yofatsa.

Pobwerera anaikulunga m'chitenge cha akazi a Ba Eugene, n'kuifungata pamiyendo. Minibasi ikagunda dzenje ankakuwa: "Ba draiva, pang'ono-pang'ono! Muno muli odwala!" Mayi wina anawapatsa nthochi, akuti ya wodwalayo.

Kunyumba kwa Ba Eugene, Ba Yotam anakana kuchotsa disiki yakale. Anamanga ziwirizo pa chingwe chimodzi.

"Yatsopano siiziba munda. Muimange joko imozi na nkhalamba, iphunzile mizele."

"Ba Yotam, ni nyimbo izi, si milisi ya m'munda!" anadandaula Ba Eugene.

"Imwe imbani chabe. Kulima nisiyileni ine."

Anakopera nyimbo zonse mu yatsopanoyo, kenaka anauza Ba Eugene kuti atsegule imodziimodzi ndi kuiimba, kuti atsimikize kuti yafika yonse. Aneba ankaganiza kuti kwagwa maliro.

Mvula isanagwe, disiki yakale inafa. Sipanasowe ngakhale ndime imodzi. Sindinena kuti linali luso kapena mwayi. Ndinena kuti nyimbozo tikuziimbabe.

Akwaya anagwirizana zothokoza Ba Yotam m'tchalitchi Lamlungu lotsatira, ndipo anawauziratu kuti adzaimirire kutsogolo. Lamlungulo Ba Eugene anaitana dzina lawo, anthu anaomba m'manja, koma palibe anaimirira. Titapita kwawo tinapeza chitseko chili chotseka, nkhuku atazisiya kwa aneba.

Mayi wogulitsa tomato pamsewu waukulu anati anawaona m'mawa ali ndi chikwama. Tinamufunsa ngati anakwera basi ya ku Lusaka kapena ya ku Chipata.

"Sininaone," anatero. "Ninali kutumikila kasitoma."