Lichero M'mwamba, Nandolo Pansi

Lolemba
Mkamwini, lembani, osaseka. Loweruka kuli ukwati ku Chiringa. Kale ine pa ukwati ndinkavina n'kuponya lichero m'mwamba, kuzungulira kawiri, n'kuliwakha nandolo osatayika ndi mmodzi yemwe. Odziwa zimenezi ndatsala ndekha, mawondo nawo akulira. Ndikafa, gule wafa. Ndiye ndikuphunzitsa mdzukulu wanga Esinati. Masiku asanu akwana. Zofunika: lichero, nandolo, chiuno. Ziwirizo tili nazo.

Lachiwiri
Tikuyamba ndi chiuno. Mwanayu ngwouma ngati munsi! Kumishoniko amawaphunzitsa kuima ngati asilikali. Ndamusenzetsa mtsuko wa madzi kuti mutu ukhale phee, m'munsimu muziyenda. Mtsuko phwaa! "Agogo, bwanji tiyambe ndi chikho?" Pofewa ndi pakamwa pokha.

Lachitatu
Lichero lopanda kanthu limapita ndi mphepo ya m'phiri, ndiye ndathiramo nandolo. Waponya! Nandolo padenga, m'duku mwanga, m'khutu mwa mkamwini. Lembani, khutu ndi lanu koma nkhani ndi yanga. Nkhuku za mudzi wonse zabwera kudzaonerera.

Lachinayi
Nkhuku zafika ife tisanayambe. Zikungodikira. Waponya kasanu, wawakha kamodzi, ndi mphuno. Mayi ake: "Amayi, ndiwo za mawa zili m'mimba mwa nkhuku za eni!" Nandolo abisa. Tikuyesa timiyala. Mkamwini akulembera kuseri kwa mtengo wa mango.

Lachisanu
Ndimuonetse ndekha! Ndaimirira, ndayamba nyimbo, ndaponya. Lichero lakwera bwinobwino ngati kale. Lakwera, latsika, ine ndikadali pakati pa kuzungulira koyamba. Msana khoo! Andinyamula anthu atatu.
Esinati akundisisita. "Agogo, inu munaphunzira masiku angati?"
Ndikuwerenga chamumtima. Kuyamba, mano akutsogolo asanamere. Kupeta tsiku ndi tsiku, kutaya, kukalipiridwa. Kuwakha bwino, ndili ndi mwana kumsana. Zaka khumi zathunthu.
Ndamuyankha kuti asanu.

Loweruka
Onse apita ku Chiringa. Ine pamphasa, ine ndi nkhuku. Abwerako dzuwa litapendeka. Akuti Esinati wavina tchopa mzere wakumbuyo, manja lendelende. Lichero anapita nalo, inde. Amayi ophika analibwereka kupetera mpunga. Akuti ndi lichero labwino kwambiri.

Lamulungu
Basi, gule apite nane kumanda, ndizikavinira malemu amuna anga. Iwo sankatopa kuonerera. Kutchalitchi sindipita, msana wakana. Ndagona pakhonde. Kuseri kwa nkhokwe kukumveka phu! Kenaka zii. Kenaka phu! Ndakwawa, ndasuzumira: Esinati yekhayekha, akuponya, likugwa, akutola, akuponyanso. Phazi akuyambira lolakwika! Pakamwa pakundiyabwa, koma ndaluma mlomo.
Mkamwini, ikani pensuloyo. Pitani ku Nkhulambe mukauze woluka malichero aluke atatu, olimba. Zaka khumi n'zambiri, koma ndiyesetsa kusafa.