Maliro a Mlimi wa Fodya ndi Pepala la M'thumba Mwanga

Mpaka lero akazi anga akaona galimoto ya polisi amandikodola n'kunena kuti, "Aphungu, anzanu aja." Mlandu wake ndi wanga ndithu.

Chinali chaka chija kwathu anthu anavotera zipani zambiri. Ine ndinali nditangolandira unzika wa kuno, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba pafupi ndi tauni ya Upper Marlboro kuno ku Maryland, ndipo moto wa ndale unandigwira. Kumwera kwa tauniyi kunali alimi a fodya, zigafa zili mbwee ngati kwathu ku Kasungu, onse akudandaula kuti fodya watha mtengo. Ndinati mwana wa mlimi wa fodya ndine pano, ndikawayankhulira ku nyumba ya malamulo ya Maryland. Popeza ndinalibe chipani, lamulo linkafuna kuti anthu a m'deralo asaine pepala langa lisanafike tsiku lotsekera, apo ayi dzina langa silioneka pa voti.

Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo nditavala suti ya ukwati (batani lapakati linali litakana kale). Ndikaima pabwalo n'kuodira mwaulemu, ondiyankha anali agalu. Patatha masabata atatu, osaina ambiri anali manesi anzanga, ena okhala ku Germantown, kutali ndi dera langa.

Ndinakadandaula kwa a Tembo, mnzanga wa ku Chipata woyendetsa takisi. "Mudala, mwaibala?" anatero. "Voti ili pa malilo. Wandale amene sayenda pa malilo sapita patali."

Mawuwo anandilowa. M'nyuzipepala ya m'deralo ndinapeza kuti mlimi wina wodziwika wamwalira. Akazi anga anati, "Bambo a Chisomo, anthu akuno salira ngati ife." Ine ndinati maliro ndi maliro, misozi ilibe mtundu. Ndinagula thumba la ufa, shuga ndi mitolo ya nkhuni, ndipo ndinapempha amayi asanu a kwaya ya kutchalitchi kwathu kuti andiperekeze. Za pepala sindinawauze.

Tinafika kunyumba ya malemuyo Loweruka masana. Amayi anamanga zitenje, ndipo Mayi Banda, mtsogoleri wa kwaya, anayamba kubuma kuchokera pageti: "Mayo ine! Bambo athu inu!" (Munthuyo sanamuonepo chibadwire.) Anakhala pansi pakhonde, miyendo tambalale, nyimbo n'kuyamba. Ine ndinali kalikiliki kuunjika nkhuni pakapinga.

Pakhomopo panalibe khamu. Malemuyo anali ataikidwa kale Lachiwiri, ndipo m'nyumba munali mkazi wake yekha, Mayi Dorothy. Atasuzumira pawindo n'kuona alendo akubuma, mwamuna wa suti akuunjika nkhuni pafupi ndi nyumba yamatabwa, anaimbira apolisi. (Kunena zoona, inenso ndikanatero.)

"Bambo, nkhunizi n'zachiyani?" anafunsa wapolisi.

"Za maliro, bwana."

"Mukufuna kuwotcha ndani?"

Thukuta linali kamukamu. Potulutsa mpango m'thumba, pepala losainira lija linagwa, mphepo n'kulikankhira kumapazi a Mayi Dorothy, omwe anali atatuluka. Analitola n'kuliwerenga mosafulumira.

"Ndiye mwabwera kudzalira mwamuna wanga, kapena kudzafuna siginecha?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Manyazi otero sindinawamvepo. Koma kunama pamaliro sindikanatha. "Zonse ziwiri, mayi. Koma amayiwa za pepalalo sakuzidziwa. Iwo akulira zenizeni."

Anawayang'ana amayi aja nthawi yaitali, Mayi Banda misozi ili chuchuchu. Kenako anauza apolisi kuti azipita. "Chiikireni mwamuna wanga," anatero, "palibe amene wakhala nane kupitirira theka la ola." Anatifululira khofi, ndipo amayi anaimba mpaka dzuwa kupendeka. Koma pepala anandibwezera losasaina. "Ndale ndi maliro musamaphatikize," anandiuza.

Sindinagonje. Ndinayendabe makomo mpaka nsapato kung'ambika, agalu a m'deralo n'kundizolowera. Tsiku lotsekera linafika mayina asanakwane, ndipo uphungu wanga unathera pomwepo.

Chaka chotsatira mayi anga anamwalira ku Kasungu, ine osatha kupita kukaika. Tili pa maliro m'nyumba mwathu, amayi pansi, abambo pamipando, tinamva galimoto panja. Anali Mayi Dorothy. Za malirowo anamva kwa Mayi Banda, omwe ankawayenderabe chiyambire tsiku lija. Anabwera ndi galimoto yodzaza nkhuni (nyumba yathu inalibe n'pokolezera pomwe) ndi thumba la ufa, koma wa tirigu osati wa nsima. Anavula nsapato n'kukhala pansi pakati pa amayi, miyendo tambalale, mpaka madzulo. Ine ndinalira ngati mwana.

Potsanzika anandigwira dzanja, n'kutembenuza matumba onse awiri a jekete lawo.

"Taonani," anatero, "mulibe pepala."