Anaitana Pivoti, Ndipo Inabweradi

Nzeru zazikulu za m'tauni ya Loup Bend, kuno ku Nebraska, zimabadwira pa tebulo la pakona mu bala ya Dottie, ndipo zambiri zimafera pomwepo. Iyi yokha, mwatsoka, inatuluka panja.

Mwini nzeruyo anali Delmar Hlavac, amene ankadzitcha Injiniya chifukwa anagwirapo ntchito chilimwe chimodzi pa famu ya bambo Orval Stuhr, asanamuchotse pogona mu thirakitala ikuyenda. Wachiwiri anali chimunthu chotchedwa Kadzutsa, chimene chinkadya m'mawa katatu. Wachitatu anali Lonnie Pospisil, amene tonse timamutcha Chabwino, poti mawu oti ayi sanayambe atulukapo pakamwa pake.

"Amwene, tamverani," anatero Injiniya akujambula bwalo ndi thovu la mowa. "Iyi ndi pivoti ya mdala Stuhr, chimpopi chothirira mbewu cha pa mateyala chozungulira m'munda chija. Pamwamba pake pali waya wa kopa, mkuwa weniweni, kuyambira pakati mpaka kumapeto. Kopa ndi dola. Loweruka tauni yonse ikhala ku chikondwerero cha chimanga."

"Nanga alamu?" anafunsa Kadzutsa.

"Ukadula waya, makina amalira pa wailesi ya m'manja imene mdalayo amayendetsera pivoti. Ndiye tiyambe taba wailesiyo. Amaisiya m'galimoto, ndipo kuno ndani anakiyapo galimoto? Chatsala ndi chonyamulira basi."

Onse awiri anayang'ana Chabwino.

Pikapu yoyera ya kwawo inali ya mkazi wake Verlene. Mwana wawo Marcy anali atasankhidwa kukhala Mfumukazi ya Chimanga, ndipo Loweruka lomwelo, 2 koloko, ankayenera kukwera n'kuima kumbuyo kwa pikapuyo pa perete. Verlene anali ataipukuta mpaka munthu n'kumadziwoneramo mano.

"Chabwino," anatero Chabwino.

Loweruka m'mawa anauza mkazi wake kuti akukathira mafuta. Verlene anali atamaliza kumangirira maluwa a mapepala ndi maliboni.

"Lonnie, ikabwera ndi kadontho kamodzi kokha, ukafune kokagona. Mwanayu wakhala akuyeserera kukweza mkono mwezi wathunthu."

Kuba wailesi kunali kosavuta mochititsa manyazi. Galimoto ya bambo Stuhr inali kuseri kwa tchalitchi, mawindo pululu, makiyi ali momwemo. Mbava zathu zinafika ku munda wachinayi wa mdalayo zikuimba mluzu, maliboni akuuluka. Zinaima pa kanjira ka m'mphepete mwa munda.

Apa m'pamene vuto linaoneka. Pivoti inali itaima kutali, mkati mwa chimanga chotalika kuposa munthu.

"Galimotoyi m'chimangamo silowa," anatero Chabwino. "Ikalika."

"Ine kusenza waya mtunda wonsewo? Dzuwa limeneli? Sindinadyetu bwino," anatero Kadzutsa.

Injiniya anaseka kuseka kwa munthu wozunguliridwa ndi mbuli. "Mafana, mumaganiza ndi chiyani kodi? Tiyenderenji pomwe chinthucho chili ndi mateyala? Tichiitana chibwere chokha."

Anakanikiza batani la m'mbali mwa wailesi, n'kudina manambala amene ankawakumbukira. Kutali kuja chinachake chinati gu! ndipo pivoti inayamba kuyenda. Chabwino anachita kuvula chipewa. Kwa nthawi yoyamba anakhulupirira kuti mnzakeyo analidi ndi mutu.

Koma pivoti siithamanga, imayenda ngati ng'ombe yokhuta. Anadikira. Kadzutsa anamaliza masoseji a anthu atatu. Anatsitsa mawindo chifukwa cha kutentha, anayedzamira, ndipo posakhalitsa onse atatu ankaliza mkonono.

Pali zinthu ziwiri zimene Injiniya akanazidziwa akanakhala kuti sankagona pa ntchito. Choyamba, manambala oyendetsa pivoti youma ndi ena, oyendetsa ikuthirira ndi enanso. Chachiwiri, chimene ngakhale mwana wa sukulu kuno amachidziwa ndi mphuno, n'chakuti munda wachinayi suthiriridwa ndi madzi a pachitsime. Umathiriridwa ndi a m'dziwe la kuseri kwa makola a nkhumba.

Chabwino ankalota mvula. Anadzidzimuka mvulayo ili m'kamwa.

"Mayo ine! Tsekani mawindo!"

Chimpopi cha kumapeto chinali chikulavula mtsinje wakuda molunjika pa pikapu. Maluwa a mapepala anasungunuka. Mipando inanyowa. Chabwino analiza injini, koma kanjira kanali katasanduka phala, ndipo mateyala anangozungulira n'kudzikumbira manda.

"Zimitsa, Injiniya! Zimitsa!"

Injiniya anakanikiza batani lija mwamphamvu n'kumadina chilichonse. Pivoti inaima kaye ngati ikuganiza, inabwerera pang'ono, kenako inabweranso kudzawathira kachiwiri.

"Delmar Hlavac, galu iwe, wandiphera banja chifukwa cha waya wa mdala Stuhr!" anakuwa Chabwino. "Iyi ndi galimoto ya Verlene!"

"Usanditchule dzina pa ntchito, Lonnie Pospisil! Kadzutsa, tsika ukankhe!"

"Ndikankhe ndi chiyani? Nsapato yanga yamira!"

Tsono batani la m'mbali lija ndi lolankhulira. Ukalikanikiza, mawu ako amamveka pa wailesi iliyonse ya pa famuyo. Imodzi inali m'chiuno mwa mayi Stuhr, amene ankagulitsa makeke pa chikondwerero. Mayiwo si munthu womana anzake zabwino. Anaimasula, anakweza mawu mpaka kumapeto, n'kuiika pa tebulo pakati pa makeke. Anthu anasiya kuonera ng'ombe za mpikisano. Pamzere wakutsogolo panaima Verlene, atagwira chisoti cha mfumukazi.

Wapolisi atafika ku munda uja sanatulutse n'komwe unyolo. Anaima patali atatseka mphuno ndi mpango.

"Madoda, waya uja ali kuti?"

"Sitinamukhudze, bwana," anatero Injiniya.

"Ndaona. Mwangomuthiririra mdalayo munda mwaulere. M'galimoto yanga simukwera. Mukhala pa ngolo ndamangirira kumbuyoyi."

Msewu wopita ku polisi ku Loup Bend ndi umodzi, ndipo 2 koloko unali wodzaza ndi perete. Choncho ngolo ya mbava inalowa pamzere, kumbuyo kwa oimba malipenga, amene anayamba kuphonya nyimbo mmodzimmodzi. Pambuyo pake galimoto yokoka inkakoka pikapu ya Verlene, ikudontha.

Chabwino anadzutsa mutu. Kutsogolo, pamwamba pa thirakitala yatsopano ya bambo Stuhr, panaima Marcy ndi chisoti chake, akukweza mkono monga anayeserera mwezi wonse. Anali wokongola kwambiri moti bambo akewo misozi inalengeza, ndipo manyazi anamuwawa kuposa fungo. Mtsikanayo anabayibitsa kumanja, anabayibitsa kumanzere. Kumbuyo sanacheuke.

Verlene anayandikira ngoloyo mpaka pamene mphuno inamulola.

"Lonnie, bambo Stuhr akuti sakusumirani mukawatsukira makola mpaka chisanu. Kuli kachipinda komweko. Zovala zako ndatumiza kale."

Chabwino anatsegula pakamwa kuti, kamodzi kokha m'moyo wake, anene kuti ayi. Anayang'ana pikapu ija.

"Chabwino," anatero.