Tsiku limene ndinazimitsa ndege yosayaka

Mpaka lero ndege ikamadutsa ndimawerama ngati ndataya singano. Adzukulu anga amati ndi mantha. Si mantha, ndi manyazi.

Zinachitika m'ma 1930, ndili kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kwathu kuno ku Thyolo. Ntchitoyo ndinaipeza ndi pakamwa. Ndinauza bwana woyang'anira esitetiyo kuti Chingerezi ndimachimva ngakhale ndili m'tulo (chonsecho sukulu ya mishoni ndinangoinunkhiza). Ananditulutsa m'munda momwe ndinkathyola tiyi n'kundipatsa mpando mu ofesi. Mpando umenewo ndinkaukonda koopsa, moti ndinkaupukuta ndi malaya anga.

Chaka china anabweretsa wailesi yolankhulirana ndi oyendetsa ndege, chibokosi chosokosera ngati mafuta pa chiwaya. Tsiku limene mwini esiteti ankabwera pa ndege kuchokera ku Halale, makina a ku fakitale anavuta, bwana n'kuitanidwa.

"Ukamva mawu m'bokosimu, udzandiitane," anatero. "Usachite china chilichonse."

"Yesi, bwana."

Pasanapite nthawi bokosi linayamba kulankhula. Lero ndikudziwa kuti woyendetsa ndege akamaitana anthu apansi amayamba watchula mtundu wa ndege yake, kenako zilembo zake, kuti iwo adziwe kukula kwake ndi bwalo limene ifune potera. Mtundu wa ndegeyo unali Puss Moth. Koma m'makutu mwangamu munalowa zina: "Pusi! Moto!" Anabwerezanso, "Pusi! Moto!"

Za pusizo ndinati akunditukwana chifukwa chochedwa, ndipo ndinamukhululukira. Kuti mzungu akulankhula Chinyanja sizinandidabwitse, munthu akamapsa amalankhula chinenero chilichonse. Kwa bwana sindinapite. Ndinafuna kuti anthu adzati anapulumutsa mwini esiteti ndi ineyo. Ndinathamangira chitsulo choitanira antchito n'kuchimenya ngati chinandilakwira.

Woyamba kufika anali kapitawo wathu, a Namakhwa, munthu wamkulu wosapupuluma.

"Akalaliki, kwagwanji?"

"Ndege ikubwera ikuyaka! Madzi, aliyense madzi!"

"Koma mwamva bwino inu?"

"Amene amakhala pa wailesi ndani, inu kapena ine?"

Anangoti chabwino. Anthu anataya madengu a tiyi, piringupiringu kumtsinje ndi zitini, mitsuko, ena zikho, mpaka kudzaza bwalo la udzu lotererapo ndege. Ndege inatulukira cha ku Mulanje, n'kutera bwinobwino, yonyezimira.

"Nanga utsi uli kuti?" anafunsa a Namakhwa.

Apa ndikanabwerera. Mtima unandiuza ndithu kuti iwe, pali cholakwika. Koma maso onse anali pa ine.

"Moto wa azungu umayakira m'kati," ndinayankha.

Chopalasira mphepo cha kumphuno kwa ndegeyo chitangoima, chitseko chinatseguka, ine n'kukuwa, "Thirani!"

Anathiradi. A kwathu ukawapatsa ntchito sachita mwachinyengo. Mwini esiteti, nkhalamba ya suti yoyera, anatsegula pakamwa kuti alankhule, chitini chonse chinathera momwemo. Woyendetsa ndege anabisala pansi pa phiko. Ndiye panali mayi Nasimango, othyola tiyi, amene anachedwa kumtsinje. Iwo anangonyamula mtsuko wa thobwa limene anabwera nalo kumunda n'kuwakhuthulira adona, akazi a mwini esiteti, pa chipewa chenicheni. Chimera chinkayenderera mpaka m'khosi.

Bwana anafika pa njinga ali wefuwefu.

"Ndani wanena moto?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. A Namakhwa anavula chisoti mwaulemu.

"Ife Chingerezi sitimva, bwana. Amamva ndi awa."

Nditafotokoza zimene ndinamva, woyendetsa ndege anaseka mpaka kukhala pansi. Adona sanaseke. Bwana anandilongosolera za mitundu ya ndege pang'onopang'ono, pamaso pa anthu onse, ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga. Mbama ikanakhala bwino.

Phunziro ndinalitola, kuti ukamva theka funsa theka linalo. Kungoti ndinalitola mpando utapita. M'mawa mwake ndinali m'munda, dengu kumsana, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno. Kapitawo anandiika mzere woyandikana ndi mayi Nasimango (sindikhulupirira kuti zinangochitika). Mayiwo anandiyang'ana manja, n'kupukusa mutu.

"Akalaliki, mwaiwala? Masamba awiri ndi kansonga. Kapena ndikuuzeni m'Chingerezi?"