Chitsulo cha Pamtengo wa Mango

Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Bwanji sanandiuze? Ndinali nditangofika ku Chidzolomondo kuchokera ku instituto ya ku Tete, sukulu ya ma enfermeira, anamwino, nkhondo ili mkati, ndili kamtsikana kamanyazi kolankhulira kukhosi. Anandiuza pobisala, anandiuza njira zosayenera kupondamo, koma za chitsulo, ndi mmodzi yemwe!

Amayi a kumeneko anali ndi gulu lawo. Quarta-feira iliyonse, ndiye Lachitatu, mayi aliyense ankathira dzanja limodzi la nsinjiro pa lichero, kuti aphikire phala mwana amene wafooka kuposa onse. Sabata imeneyo linali la Zeca, mwana wa mayi Filomena, miyendo itatupa, tsitsi litafiira.

Atasonkha nsinjiro m'mawa anabalalika kukatunga madzi. Ine ndi cartaz yanga, chipepala chophunzitsira chojambulidwa mazira ndi mkaka, zinthu zimene anaziona komaliza nkhondo isanayambe, ndadikira, ndadikira. Kuitana? Mawu anga safika ndi pakhomo pomwe. Ndiye ndinaona chitsulo chili lendee pamtengo wa mango. Ku instituto chitsulo chikalira ndiye kuti phunziro layamba. Ndinatola mwala. Nge! Nge! Nge!

Abale inu, mudzi wonse unadzambatuka! Mitsuko phwaa, ana kumsana, aliyense wa kuphiri. Ine poona anthu akuthawa ndinati basi, amfuti afika, nanenso n'kuliyatsa liwiro. Ndipo ndinanyamula chiyani? Lichero la Zeca? Ayi, cartaz!

Tinabisala m'chigwembe mpaka dzuwa kupendeka, mayi wina akunong'ona, "Waimba chitsulo ndani? Wawaona angati?" Apo m'pamene ndinadziwa ntchito ya chitsulocho. Ine maso ndinangowaponya pa mazira a papepala.

Pobwerera tinapeza mbuzi zitanyambita lichero lili mbee. Mayi Filomena anagwira m'chiuno.

"A enfermeira, ine ndinakuonanitu ndi mwala. Ndathawa poganiza kuti ophunzira amaona patali. Nanga Zeca adya chiyani, mazira anuwo?"

Chilango anandipatsa amayi omwewo: ine wamanyazi ndiyende khomo ndi khomo ndi lichero, kupemphanso nsinjiro. Panalibe anandimana, koma aliyense pothira ankati, "Mwafika mwakachetechete bwanji? Simunaimbe?"

Zeca anamwa phala lake madzulo omwewo, n'kunyambita supuni.

Chitsulo sindidzachikhudzanso. Ngakhale belu la kutchalitchi likalira, ine ndimayamba ndayang'ana kumene kuli lichero.