Mtambo umene ndinaufinyira pa phiri la Zomba

Amene akuti ndine wabodza asiye matemba akewo pathandala, abwere andiyang'ane m'maso muno. Palibe? Khalani pansi tsono.

Ine Sajeni Mulepa, usilikali wanga sunali wongonyamula mfuti. Ndinali m'gulu loyeza mphepo ndi mvula, ndipo sayansi ndinaiphunzira mpaka aphunzitsi ake kumadzafunsa kwa ine. Atabwera azungu kudzafuna munthu wokwera chombo chopita mumlengalenga, anatilowetsa m'chimakina chozungulira ngati chigayo, anzanga onse kusanza, akaputeni athu kuitana amayi awo, ine wokulira m'bwato pa Kachulu pano ndili phee, mpaka chimakinacho chinachita chokha chizungulire n'kuzima. Mukumva?

Kumwambako munthu sulemera, umangoyandama, madzi akumwa umachita kuwathamangitsa ndi pakamwa. Tsiku lachitatu ndinasuzumira pawindo kuti ndione kwathu. Abale anga, mtima unaima! Phiri la Zomba ndinaliona, chilumba cha Chisi ndinachiona, koma Chilwa kunalibe. Nyanja yonse gwa, ming'alu yokhayokha, mabwato ali gada, ndipo pakati penipeni mkazi wanga, make Esinati, mwana kumsana, akukumba ndi khasu kufuna madzi.

Ndinati kwa mkulu wa chombocho, "Bwana, tsegulani chitseko."

"Ukafa, Mulepa!"

"Kwathu ayamba kale kufa."

Ndinatuluka chingwe m'chiuno, pansi palibe poponda, ndinaponya msampha pa chimtambo chakuda chimene chinangokhala pamwamba pa nyanja ya mchere ku Mozambiki, ndinachikoka chikukana ngati nkhunzi, mphenzi kundiluma pamkono apa, gwirani chipseracho, musaope, mpweya wa m'chovala changa n'kutha, ine osapuma masana onse, mpaka ndinachifikitsa pa phiri la Zomba n'kuchipotokola ngati chitenje chochapa. Mtsinje wa Likangala unabangula! Madzi anatsika ndi milamba yake yomwe, make Esinati anataya khasu n'kudumphira m'bwato la eni, linamutula pakhomo pa tchalitchi.

Koma dzanja la msilikali silidziwa pang'ono. Ndinafinya mopitirira. Ndikuyang'ana chomwechi, ndinaona mpunga wanga kusikimu yothirira ukumira, kenako nyumba yanga, ya njerwa zowotcha, ikugwada pang'onopang'ono, denga n'kuyamba ulendo wa ku Chisi nkhuku zili pamwamba. Ndinakuwa, koma kumwambako mawu samveka.

Nditatsika ndinafika pamudzi ndili ndi nyota zanga za usajeni paphewa, ndikuti anthu andinyamula. Ndinapeza make Esinati atakhala pa chitseko, chokhacho chimene chinatsala. Sanandipatse ndi moni womwe.

Mpaka lero mukawafunsa make Esinati amati miyezi itatu imene ndinali kumwambayo ndinali ku Songani kwa mkazi wina wogulitsa tomato. Chabwino, anene. Koma tembenukani muone kumbuyo kwanuko. Madzi onsewo anathira ndi wa tomatoyo?