Khofi Wowira wa a Kenchappa

Pa anthu onse amene anagwirapo ntchito pa sitima ya pamtunda ya alendo ija timaitcha Mkwatibwi, a Kenchappa okha ndi amene ankaperekera khofi kwa anthu akufa. Amoyo ankawaperekeranso, poti ndiyo ntchito imene analembedwera, koma mtima wawo unali kwa enawo.

Dzina la Mkwatibwi tinaipatsa chifukwa ndi yokongoletsedwa mpaka kuchimbudzi, ndipo imayenda monyang'wa, osafuna kutuluka thukuta. Imanyamuka ku Bengaluru ndi alendo a matumba olemera, kuwaonetsa nyumba yachifumu ku Mysuru, njovu kunkhalango, akachisi akale, mpaka kukafika nawo kumabwinja a Hampi, sabata ikatha n'kubwerera kukatenga ena. A Kenchappa anali mkulu wa operekera zakudya, munthu wamfupi, wa ndevu zapamlomo zopotana m'mwamba, wonunkhira mafuta a kokonati chaka chonse. Sipuni ikapendekeka patebulo ankaiona ali kubogi yachitatu.

Pakamwa pawo panalibe mlonda. Mayi wina wochokera kutsidya kwa nyanja anabwerako kunkhalango atakwiya kuti tsiku lonse waona agwape okhaokha, kambuku wamizeremizere amene anadzera osaoneka ngakhale mchira. A Kenchappa anamufunsa kuti lero n'lachingati. Atamva kuti ndi Lolemba anapukusa mutu, n'kumuuza kuti Lolemba kambukuyo amasala kudya, amaswera kukachisi, ndipo ndi mwayi wake kuti sanakumane naye dzuwa litapendeka, nthawi yomasula. Mayiyo analemba zimenezi kwa abale ake ngati nkhani yoona.

Koma chimene anatchuka nacho chinkachitika pa siteshoni ya Hosapete, pomwe alendo amatsikira popita ku Hampi. Amabwerako chakumadzulo, dzuwa likadali kuswa mtengo, fumbi lofiira mpaka m'makutu. Antchito amatsikira papulatifomu kukawalandira ndi matawulo onyowa. A Kenchappa ankadikira mlendo wotsiriza alowe, kenako n'kutchinga khomo ndi thupi lawo, n'kuwerama mwaulemu pamalo popanda munthu.

"Pepani bwana, imwani kaye khofi. Sitima sinyamuka msanga."

Akatero ankaika kapu yachitsulo pansi papulatifomu, n'kulowa, n'kutseka chitseko.

Ukawafunsa, ankafotokoza ngati akukuuza mtengo wa anyezi. Mzinda wa Hampi utawotchedwa ndi adani kalekale, anthu anathawa pa chilichonse chokhala ndi miyendo kapena mawilo, koma si onse amene anapeza chokwera. Otsalawo akudikirabe. Akaona gulu la anthu likutuluka m'mabwinja kupita kokakwera, nawonso amalondola m'mbuyo. Kuwathamangitsa ndi mwano, poti ena mwa iwo anali nduna za mfumu. Ndiye nzeru yake inali khofi. Kuno khofi amabwera m'kapu yokhala m'kambale kake, munthu n'kumatsanulira uku ndi uku mpaka apole. A Kenchappa kambaleko ankabisa. Khofi ankakhala wowira, kapu yosagwirika, ndipo mlendoyo ali pakati pouzira, Mkwatibwi wapita.

Amene ankawira nazo zimenezi kuposa khofiyo anali a Lobo, mkulu wa kukhichini, Mkatolika wa ku Mangaluru, wa mimba yolowa m'chipinda mwiniwake asanafike, korona m'thumba la epuloni. Awiriwa anagwira ntchito limodzi kuyambira tsitsi lili lakuda, ndipo panalibe tsiku limene sanakangane. M'mawa uliwonse, alendo asanadzuke, a Lobo ankathira makapu awiri, a Kenchappa n'kukhala pa thumba la mpunga pakona ya khichini, mkangano n'kuyamba.

"Khofi wanga wabwino mukumwetsa agalu apasiteshoni, achimwene."

"Galu munamuonapo akumwa chowira? Fufuzani kaye musanalankhule, mimba isakuganizireni."

Kapu yotsala papulatifomu ankatola ndi mayi Dyavamma, akazi a a Kenchappa, poti kwawo kunali ku Kamalapura, pafupi pomwepo ndi mabwinja. Ankabwera pasiteshoni sabata iliyonse ndi ambulera yawo yakuda, kudzaona amuna awo kwa kanthawi koti n'kungofunsana za thupi, n'kubweza kapu ya sabata yatha atatsuka. A Lobo akawafunsa ngati munali khofi pamene ankaitola, mayiwo ankati ayi, inali youma. A Lobo ankati ndiye kuti mlamu amamwa yekha, akuwopa kukhumudwitsa bambo.

Tsiku lina a Lobo anafuna kuwina mkanganowo. Anathira khofi wofunda chabe, wongotenthetsa kapu kunja, n'kupereka osanena kanthu. Sitima isanafike n'komwe ku Badami, bogi yodyera inayamba kununkha utsi wa nyumba yopsa. Anafufuza mawaya, anafufuza mbaula, osapeza kanthu. Mlendo wina anapempha kuti amusinthe mpando, ati wa pambali pake, wopanda munthu, ukutentha ngati wina wangonyamukapo. A Kenchappa anapita kukaima pakhomo la khichini n'kuwayang'ana a Lobo mpaka a Lobo anayamba kusenda anyezi osendasenda kale. Sabata yonseyo a Kenchappa ankayala mbale imodzi yowonjezera patebulo lakumapeto. Ankabwera nayo kukhichini ndi uthenga wakuti bwanayo ndi wamalonda a akavalo, ndipo akuti mchere ukuchepa. A Lobo ankatukwana, koma mcherewo ankawonjezera. Atafikanso ku Hosapete a Kenchappa anamutsitsa mlendo wosaonekayo mwaulemu, fungo la utsi n'kutha tsiku lomwelo. A Lobo anati anali mawaya basi, koma kuyambira pamenepo khofi wa papulatifomu ankawiritsa okha.

Nyengo ya mvula sitima imaima, antchito n'kubalalika. Chaka chimenecho a Lobo analandira uthenga woti mnzawo akudwala kwambiri. Anakawapeza ku Kamalapura ali pamphasa, ndevu zitafooka, zikuloza pansi. Mayi Dyavamma atatuluka kukaika madzi pamoto, a Kenchappa anagwira dzanja la a Lobo.

"Achimwene, ine ndikudzidziwa. Ndikapita, miyendo iyi idzanditengera papulatifomu paja, inazolowera. Musadzandilole kukwera."

A Lobo anaseka, nati sitima ilibe malo a madala opanda tikiti. Koma a Kenchappa sanaseke nawo. Anati mkazi uja anamukwatira ali mtsikana, ndipo moyo wake wonse wadyera pabenchi ya siteshoni. Anamulonjeza kuti akadzapuma pantchito adzakhala pakhomo, ndipo kupuma kwake ndi kumeneku. A Lobo analonjeza, mwamsangamsanga, monga momwe munthu amalonjezera wodwala kuti nkhani ithe. Mvula isanathe tinakawaika m'manda.

Ulendo woyamba wopanda iwo, Mkwatibwi anafika pa Hosapete monga mwa masiku onse. Mayi Dyavamma kunalibe, anali adakali m'nyumba ya maliro. Alendo atabwerako kumabwinja, a Lobo anawiritsa khofi, kuthira m'kapu, kubisa kambale. Anafika nayo mpaka pakhomo la khichini n'kuima. Sikuti ankawopa wansembe kapena bwana wa sitima. Anali atasungulumwa basi. M'mawa uliwonse wa ulendowo anali akuyang'ana thumba la mpunga lopanda munthu, mpaka khofi wawo yemwe anasiya kukoma. Anamva wenzulo, anamva zitseko zikutsekedwa, iwo ali chiimire. Sitima itayamba kuyenda, anaika kapu ija pathumba la mpunga, ndi kambale kake komwe.

M'mawa mwake kapuyo inali youma.

Zinayamba pang'onopang'ono. Masipuni ankapezeka atawongoka m'matebulo onse operekera zakudya asanafike. M'tinjira ta m'mabogi munkadutsa kafungo ka mafuta a kokonati. Mlendo wina potsika ku Bengaluru anagwira bwana wa sitima chanza n'kumupempha kuti akathokoze mdala wandevu zopotana amene ankamubweretsera khofi mbandakucha, amene anamuuzanso kuti njovu za kunkhalango kuja zimadana ndi anthu oimba mluzu. Bwanayo anangomwetulira, milomo itauma. Operekera zakudya anayamba kuyenda awiriawiri masana dzuwa likuwala.

A Lobo okha ndi amene ananenepa nazo. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi akukanda ufa. Ankathira makapu awiri m'mawa, n'kumakangana ndi thumba la mpunga mpaka kuloza ndi chipande. Ophika anzawo akawayang'ana, ankawauza kuti asamale zawo. Lonjezo lija ankalikumbukira bwinobwino, koma ankati adzalichita sabata yamawa, ndipo sabata yamawa ikafika ankatinso yamawa.

Kenako tsiku lina m'mawa, alendo atangonyamuka kupita ku Hampi, a Lobo anasuzumira pazenera la khichini n'kuona ambulera yakuda. Mayi Dyavamma anali ataima pansi pa zeneralo, pamphumi popanda kadontho kofiira ka akazi apabanja, kachikwama kansalu m'manja. Sanapereke moni.

"Alamu, amuna anga ali kuti?"

A Lobo anayamba kunena kuti mlamu, paja tonse tinali kumanda, koma mayiwo anawadula.

"Musandiyankhe ngati mwana. Anzanga amasiye amuna awo amawabwerera kutulo, amakhosomola kuseri kwa nyumba, amagwetsa ziwiya. Kwanga kuli zii. Ndimawaphikira, mbale n'kugona momwemo. Ali moyo sitimayi inandilanda munthu. Atafanso ndikhalebe wa pabenchi?"

A Lobo anayang'ana thumba la mpunga, n'kuyang'ananso mayiwo. Anayesa kuzemba, nati nzeru ya khofi wowira siingagwire pa munthu amene anaiyambitsa yekha. Mayi Dyavamma anati iwo sanabwere kudzapusitsa amuna awo. Khofi abwera naye okha kuchokera kunyumba m'fulasiki, ndipo chimene akufuna kwa a Lobo ndi kuima pakhomo basi.

Tsiku limenelo chakudya chamasana cha antchito chinapserera, ndipo palibe amene anadandaula. Chakumadzulo basi ya alendo inabwera, antchito anatsika ndi matawulo, ndipo a Lobo anatsika nawo, chinthu chimene anali asanachitepo. Mlendo wotsiriza atalowa, operekera zakudya anathamangira m'kati mopanikizana. A Lobo anakwera sitepe n'kutembenuka, mimba yawo n'kudzaza khomo lonse. Papulatifomu panali potentha, popanda kamphepo, koma iwo anamva kuzizira pamimba, pamsinkhu wa munthu wamfupi, ndi fungo lija la kokonati pafupi kwenikweni.

Anawerama. "Pepani bwana, imwani kaye khofi. Sitima si..." Anasiyira pomwepo n'kuyambiranso. "Ayi achimwene, inu sindikunamizani. Sitima ikunyamuka pompano. Ine ndikanakonda mukwere. Koma mlamu akudikira."

Mayi Dyavamma anathira khofi m'kapu, n'kuiika pabenchi pamodzi ndi kambale kake, iwo n'kukhala chakumapeto, kusiya malo. Ndi kambaleko munthu akanatha kupoza khofiyo msanga, kumwa, n'kuipezabe sitima, poti Mkwatibwi potuluka pasiteshoni ngakhale nkhalamba ya ndodo ingamupitirire. A Lobo anadziwa zimenezi, ndipo chitseko sanatseke. Anagwira chitsulo cha pakhomo n'kumayang'ana m'mbuyo, mtima wina ukupemphera kuti mnzawo atsale, wina ukuyembekeza kumva sitepe ikulira.

Nthunzi ya m'kapu, imene inkakwera mowongoka, inapendekera mbali imodzi, n'kuwongoka, n'kupendekeranso. Sitepe sinalire. Benchi itayamba kuchepa, a Lobo anaona mayiwo akunyamuka, akutola kapu, akuivundikira pansi, osatuluka ngakhale dontho. Kenako anatsegula ambulera n'kuyamba ulendo wopita kuchipata, ambulerayo itapendekera kudzanja lamanja kumene kunalibe munthu, dzuwa likuwawotcha iwo paphewa. Mutu unkagwedezeka ndipo chala chinkaloza. Ankakalipira wina wake, ndipo zinkaoneka kuti nkhani zake n'zambiri.

Mkwatibwi akuyendabe mpaka lero, makatani ake ndi omwe aja, alendo akudandaulabe za kambuku, koma palibenso wowauza za Lolemba. Masipuni amapendekeka tsiku lonse popanda wowaona. Operekera zakudya anasiya kuyenda awiriawiri, ndipo tonse timavomereza kuti sitima inali yabwino pamene tinkaiwopa. Pa Hosapete, amene amatchinga khomo tsopano ndi a Lobo, khofi wowira, kambale m'thumba pamodzi ndi korona, ndipo ukawafunsa amati akumwetsa agalu. Benchi ija imakhala yopanda munthu, mayi Dyavamma sanabwerenso.

M'mawa a Lobo amathirabe makapu awiri, dzanja linazolowera. Yachiwiriyo imakhala pathumba la mpunga mpaka kupola, mkaka n'kuyala kakhungu pamwamba. Alendo akayamba kudzuka amaitenga, n'kuiyang'ana m'kati kanthawi ndithu, n'kukaikhuthulira mu sinki.

"Khofi wanga wabwino," amatero, koma palibe wowayankha.